Pothirira Mafuta Pabisala

Bambo Eliseo anandipatsa chigubu cha mafuta. "Thira, mkamwini. Paja unakulira m'magalimoto akale a ku America."

Bodza limenelo ndinalinena dzulo pachakudya, kuti andilole kukwatira mwana wawo, Maidelys. Lero tili m'garaja yawo kuno ku Havana, Chevrolet yobiriwira ili phee, ine thukuta lili kamukamu.

Ndinaizungulira kamodzi, pothirira osapaona. Ndinazunguliranso ndikusisita m'mbali ngati ndikuyamikira penti.

"Ndi ya chaka chanji?" anafunsa mkuluyo.

"Ya 1955."

"Ya 1955 pothirira pake pamakhala poyera. Ukupaona?"

Chigubu chija chinayamba kulemera. Maidelys analowa ndi khofi wa bambo ake, n'kutsamira kumbuyo kwa galimotoyo. Osandiyang'ana n'komwe, anagogoda kawiri ndi chikhadabo pa nyali yofiira ya kumanzere.

Ndinagwira kachitsulo ka pamwamba pa nyaliyo n'kupotoza. Nyali yonse inatseguka ngati kachitseko, kukamwa kwa thanki kuli apo.

"Ndimangokuyesani, bambo," ndinatero. "Galimoto yobisa m'nyali chonchi singakhale ya 1955."

"Ndi ya 1956," anatero osaseka. Anamuyang'anitsitsa mwana wawo uja.

"Tsiku lomwe agogo ako anandiyesa pa galimoto yomweyi, amayi ako anagogoda kasanu ndisanamve," anamuuza. "Uyu bola."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Thira, wabodza iwe. Ukataya dontho limodzi, ukwati kulibe."