Mvuu Yovina pa Chikwangwani

Padangokhala Birimankhwe ndi Kakowa, ophunzira pasukulu ya zojambula ya a Njovu. Gule wa masika anali atayamba kuzilala, moti chaka chapitacho kunabwera oimba ng'oma okha. A Njovu anati, "Aliyense ajambule chikwangwani choitanira nyama ku gule. Zikakanika chaka chino, guleyu timusiya."

Kakowa analemba zilembo zoongoka ngati miyendo yake: tsiku ndi malo, basi. Birimankhwe anachedwa monga mwa kayendedwe kake, diso lina pantchito, lina kwa odutsa. Anajambula a Mvuu atamanga chitenje, akudula chiuno, Fulu akuwaimbira ng'oma pachigoba chake chomwe.

"Gule si chibwana, achimwene," anatero Kakowa. "A Mvuu akachiona akupondani."

Birimankhwe anatuwa thupi lonse ndi mantha, komabe anakachipachika pamkuyu wa padooko.

Cha Kakowa nyama zinkangowerenga n'kudutsa. Pa cha Birimankhwe zinaunjikana, kuseka mpaka misozi, n'kumafunsana za tsiku. Kenaka a Mvuu anatulukira, nthaka ikugwedezeka. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Wajambula ndani?"

"Ndine, mayi," anayankha Birimankhwe.

"Iwe mwana, zaka zonsezi ndimavinira pansi pa madzi poopa kusekedwa. Unandionera pati? Tandiuza, chitenje chokongola chonchi ndikachipeza kuti?"

Tsiku la gule nyama zinadzaza mpaka m'mitengo, ndipo woyamba kulowa m'bwalo anali a Mvuu. Yanga yathera pamenepa.