Waipa Yokoka Awiri

Mvula itakhuthuka pa Kameza, waipa yopukuta galasi la galimoto ya Howard inangoima njo! Beringi ya m'mota yoyendetsa waipayo, imene Howard anaipanikiza mwaukatswiri ndi chitsekerero cha botolo, inali itaguluka. Msewu sunkaoneka, kumbuyo mkazi wake Brenda akubuula, mwana ali panjira.

Howard anamanga zingwe pawaipa, china chotulukira pa windo lake, china pa windo linalo. Wokoka mbali inayo panalibe, kupatula apongozi ake, amene chikwatirire sanakhalepo nawo pafupi.

Mayiwo anadumphira kutsogolo. "Manyazi tikachitira kunyumba, bambo. Bweretsani chingwecho!"

Uyu koka, uyu koka, galasi mbee, mpaka kuchipatala.

Anamwino atamutenga Brenda, Howard anagwadira apongozi ake m'matope momwemo n'kuwomba m'manja.

"Dzukani," anatero apongozi akufinya duku. "Mawa mukaikitse beringi bwinobwino. Mkonowu ndikusungira mdzukulu."