Lenzi Yokana Kuchoka pa Kamera ya Bizwell

Panali munthu wina ku komboni ya Linda, dzina lake Bizwell, amene ankadyera kamera m'zaka za m'ma 1990. Amene anandiuza nkhaniyi ankakhala naye moyandikana. Filimu Bizwell ankakatsukitsa m'tauni kwa ba Munalula, mkulu wokonza makamera.

Ba Munalula ankamuchenjeza kawirikawiri za kugula lenzi, galasi la kutsogolo kwa kamera, yogwiritsidwa kale ntchito. "Lenzi ya salaula osagula mu njira. Bweretsa kuno tiyese. Kamera iliyonse ili na kamwa yake."

Koma Bizwell anali nkhutukumve.

Tsiku lina akujambula alendo kumathithi a pafupi ndi tauniyo, bambo wina wosamudziwa anamukokera pambali n'kutulutsa lenzi yaitali yokulunga m'thaulo.

"Iyi ni ya bazungu, mudala. Ingena pa kamera iliyonse."

Bizwell anayesa, lenzi inakana.

"Kankha chabe, uyopa chani?"

Anakankha, n'kupotokola ndi mphamvu zonse mpaka chitsulo chinalira. Inalowa. Chitsiru chija chinalipira chikuseka, wogulitsa n'kuzimiririka. Posuzumira, zonse zinali mbuu ngati nkhungu. Poti aichotse, lenzi yagwira nganganga.

Anathamangira kwa ba Munalula. Mkuluyo anaitembenuza, anaona dzina lolembedwa mozokota m'mphepete mwake, nkhope inasintha.

"Iwe, mwine wa iyi lenzi ni muzungu uja banamenya pa njira ya kumathithi. Ali mu chipatala, sakamba, sayangana. Bapolisi banabwera kuno kuisakila. Choka nayo mu shopu yanga."

Bizwell anatuluka nayo mwachangu. Kunyumba anathira mafuta ophikira, anayesa kuipotokola ndi pulayazi. Mkazi wake Justina anagwira kamera, iye akukoka lenzi, koma ayi ndithu. Galimoto ikangodutsa panja, Bizwell ankasuzumira pazenera poopa kuti ndi apolisi.

"Kataye zonse mu mtsinje," anatero Justina.

"Nitaye kamera? Bana bazadya chani?"

Akadali kukangana, apolisi anagogoda. Anthu anali atamuona Bizwell ali ndi lenziyo kumathithi.

"Tipatse lenzi."

"Sichoka, bwana. Ninagula chabe."

"Kwa ndani? Dzina lake? Akhala kuti?"

Bizwell sankadziwa dzina la wogulitsayo kapena kumene ankakhala. Ngakhale nkhope ya munthuyo sanathe kuifotokoza bwino. Apolisi anamumanga unyolo kamera ili m'khosi, Linda yense akuonerera. Justina anawatsatira mpaka pagalimoto, akulira, kufunsa kuti mwamuna wake abwera liti.

Wapolisi anamuyang'ana n'kunena motsitsa mawu: "Amayi, pempherani kuti muzungu uja auke. Ni yeka angakambe kuti si uyu anamumenya."

Phunziro: Chinthu chikakana kulowa, musachikakamize, ndipo musagule kwa munthu amene simungathe kumuloza mawa. Lenzi yakale kaiyesetseni kaye kwa odziwa musanaiike pa kamera yanu. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja okonda zotchipa za m'njira.