Nyundo ya Zelig

M'katauni kena munangotsala mabanja khumi ndi awiri a Chiyuda, ndipo Zelig ndiye ankawadzutsa kusanache kuti akapemphere. Ngakhale ana ankadziwa: nyundo yake yamtengo ikagunda zenera katatu, dzukani, ikagunda kawiri, kwagwa maliro.

Tsikulo anayambira kwa Feivel wosoka nsapato. Go! Go! Kachitatu nyundo inafikadi pathabwa la zenera, dzanja linamva, koma phokoso osamveka.

Feivel anasuzumira, kandulo kumanja. "Watisiya ndani?"

"Palibe, gonthi iwe! Ndagogoda katatu!"

Feivel anangoyang'ana uku ndi uku mumsewu, n'kutseka zenera.

Kwa Hersh wophika buledi, chimodzimodzi. Zelig anamenya mpaka phewa kuwawa, koma kachitatu kankangoti zii.

Zitseko zinayamba kutseguka. Anthu anatuluka ndi nyali, koma sanalowere kusunagoge. Anamudutsa Zelig osamupatsa moni, onse kulunjika kunyumba kwake.

Zelig anathamanga n'kuwapitirira. Pakhomo anapeza madzi a m'mitsuko atatayidwa pansi, monga amachitira pamaliro, ndipo anali ataundana kale gwaa ndi chisanu. Pazenera anaona mkazi wake, Bluma, akuphimba kalilole ndi nsalu, mwambo wa Ayuda m'nyumba mukagwa maliro.

"Bluma, tsegula, ndine!"

Anakweza nyundo. Go! Go!