Mwana wa pa Chinsalu

"Mayi, kolopani msanga, nduna zikubwera," anatero mkulu woyang'anira holo.

Nduna za maphunziro zochokera m'mayiko makumi atatu zinali zitangosainirana pangano loti mtsikana aliyense azimaliza sukulu, ndipo zimafuna kujambulitsa patsogolo pa chinsalu chachikulu cha msonkhanowo. Pachinsalupo panali chithunzi cha kamtsikana katakweza dzanja m'kalasi, kali ndi chipsera pachibwano.

Mayi wokolopayo anakayang'ana. Tsikulo ankalikumbukira: kusukulu kwawo kunabwera alendo ndi makamera, aphunzitsi n'kumuveka yunifolomu ya mnzake. Teremu yotsatira makolo ake anamutumiza kwa azakhali kukalera mwana, sukulu n'kuthera pomwepo. Anadzigwira pachibwano, koma mumtima munangoti zii.

"Chithunzichi n'chakale," anatero mkulu uja, akuwongola tayi. "Pano mwina ndi dokotala ameneyu."

"Mwinadi," anayankha mayiyo, akufinya mopu.

Nduna zinafola, zina zikuseka, zina zikufunsana nthawi ya ndege. Wojambula anasuzumira m'kamera, kenako n'kudzutsa mutu.

"Mayi inu, tasunthani ndi chidebe chanucho. Mukutchinga mwanayo."

Iye ananyamula chidebe chake n'kusuntha.