Chiboliboli Chachisanu

"Usapondenso pano popanda ndowa yanga!" mayi anakalipira mwana wake wamkazi, amene anaibwereketsa kwa anzake oumba. Gululo linkaumba ziboliboli zinayi ndi dongo la mumtsinje, n'kumazidonthezera madzi kuti zizisintha maonekedwe.

Masiku awiri atatha mwana osabwera, mayi ananyamuka kutada, ulendo wa kushedi kwa oumba aja.

Anapeza ziboliboli zili zisanu. Chachisanucho chinasenza ndowa ija, dongo likadali lonyowa. Padzanja pake panali chipsera cha chikuni chimene mayiyo anamuotcha nacho mwanayo ali wamng'ono.

"Mayi, musachikhudze, sichinaume," anatero mlonda wa pashedipo.

"Bambo inu, ndowayi munandigulira ndinu?"

Mayi anakoka ndowa, khosi la chibolibolicho n'kupotoka. M'dongomo munamveka mawu: "Amayi, pang'onopang'ono, zikupweteka."

Mayi anapukuta manja pansalu, n'kukokanso.