Kanema wa mpunga wa a Sidiki

Panali munthu wina ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, mnyamata dzina lake Nicholas. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso awo.

Nicholas anali ndi tsamba la nkhani pa Fesibuku. Kusukulu ya utolankhani sanapondeko, koma poti foni anali nayo, ankadzitcha mtolankhani. Lole ikagubuduzika, banja likatha, mbuzi ikabedwa, iye ndiye ankayamba kulemba. Chinkamudya mtima n'chakuti masamba a anzake a ku Ntcheu boma anali ndi owatsatira ambiri kuposa lake.

Tsiku lina nambala yachilendo inamutumizira kanema pa Watsapu. Munkaoneka manja a munthu akuumba mpunga wophika ngati mpira, kuuponya pansi, mpunga uja n'kudumpha. M'munsi munalembedwa kuti: "Mpunga wa pulasitiki. Akugulitsa a Sidiki pashopu pawo. Falitsani anthu asafe."

A Sidiki anali bambo wachikulire amene ankagula mpunga kwa alimi a musikimu ya ulimi wothirira n'kumagulitsa pamsika. Ngakhale bambo ake a Nicholas, a Eliya, ankagulitsa mpunga wawo kwa iwowo.

Mlongo wake wamkulu wa Nicholas, Ida, anamupeza akulemba ndipo anasuzumira pafoniyo.

"Wakutumizira ndani zimenezi?" anafunsa Ida.

"Mtolankhani saulula womutsina khutu, alongo."

"Iweyo ukumudziwa? Shopu ya a Sidiki ili pomwepa. Pita ukagule mpungawo tiphike, tione ngati udumphe."

"Ine ndizikaphika mpunga anzanga akutulutsa nkhani? Zimenezi inu simungazimvetse."

Anaika kanema uja patsamba lake, n'kuwonjezera chithunzi cha shopu ya a Sidiki kuti anthu asasochere. Pofika madzulo kanema anali atalowa m'magulu a mipingo, a mpira, a mabanki m'khonde, mpaka ku Kandeu ndi ku Mlangeni. Nicholas ankangoyang'ana owatsatira akuchuluka, mano onse pamtunda.

Kutacha linali tsiku la msika. Anthu anaunjikana pashopu paja akukuwa. Anyamata anakokera matumba panja, kuwang'amba ndi zikwanje, mpunga n'kumwazika m'fumbi. A Sidiki anatuluka, anatapa mpunga m'manja n'kuyamba kutafuna wosaphika.

"Taonani, ndi mpunga wanu womwe uja mumalima," anatero. "Ndinagula kwa inu nomwe."

Palibe amene anamva. Mwala unachokera kumbuyo kwa gulu n'kuwamenya padiso, ndipo anagwa pakhomo pa shopu yawo. Nicholas anali pomwepo, akujambula. Ngakhale ataona magazi, foni sanaitsitse.

Apolisi anabalalitsa anthu. Alangizi a zaulimi anatenga mpunga wotsala kukauyeza, ndipo anapeza kuti unali mpunga weniweni. Kenako wina anatulukira kanema yemwe uja pa intaneti: anali wakalekale, wojambulidwa kudziko lina lakutali. Nicholas anayimba nambala yachilendo ija. Inali yozimitsa, ndipo sinayakenso.

Anafufuta nkhani ija msangamsanga, koma madzi anali atatayika kale. Kanema ankayendabe, ndipo tsopano anthu ankangoti "mpunga wa ku Bwanje". Ogula ena ochokera ku Lilongwe ndi ku Balaka anasiya kubwera. Matumba a a Eliya anangounjikana m'nyumba. A Sidiki anatuluka m'chipatala diso limodzi litafa.

A Eliya sanalankhule zambiri. Anangomuuza mwana wawo kuti, "Vala nsapato. Ukanene wekha pamaso pa eniake."

Atafika kwa a Sidiki anakumana ndi akazi awo, mayi Zuleka, pakhonde. Sanawapatse mpando. Nicholas anagwada.

"Mayi, ndinalakwitsa. Ndinanamizidwa. Komatu nkhani ija ndinafufuta."

"Unafufuta," anatero mayi Zuleka. "Ndiye diso la amuna anga labwerera? Iwe unakulira pakhonde la shopu ija. Unadutsapo tsiku lomwelo. Chinakuletsa n'chiyani kulowa n'kufunsa? Miyendo unali nayo, pakamwa unali napo."

"Ndimafuna kuchenjeza anthu, mayi."

"Usandinamize pakhomo panga. Umafuna kutchuka. Munthu akugwa magazi ali chuchuchu, iwe foni ili m'mwamba. Ana anga anaonera bambo awo akugwa pafoni ya mnzawo kusukulu. Wajambula ndiwe."

A Eliya anayesa kupepesa, koma mayiwo anawadula.

"Inu bambo, sindikulimbana nanu. Koma mwana wanuyu achoke. Amuna anga akuti sakufuna kumuona, ngakhale ndi diso latsalalo."

Nicholas analemba chipepeso patsamba lake. Anachiwerenga ndi anthu ochepa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anachitumiza kwina. Onse aja anafalitsa bodza usiku umodzi anangoti zii, ngati sakudziwapo kanthu. Apolisi anamutenga Nicholas pamodzi ndi anyamata ong'amba matumba aja, ndipo mlandu unapita kukhoti. A Sidiki anatseka shopu n'kusamukira kwa achibale awo. Woponya mwala uja sanadziwike mpaka lero.

Phunziro: Foni siisandutsa munthu mtolankhani, ndipo si chilichonse cha pa intaneti chimene chili choona. Musanatumize kanema kapena uthenga wonyoza munthu, funsani: wachokera kwa ndani, wajambulidwa kuti, mwiniwake akuti chiyani? Amene anang'amba matumba ndi olakwa, koma aliyense amene anatumiza kanema uja osafufuza anaponya nawo mwala. Tumizani nkhaniyi m'magulu anu onse, makamaka kwa aja amathamangira kufalitsa zinthu asanaziwerenge n'komwe.